Dalaivala Wosoka Mabowo a Mabatani

Munthu amene anapha mkazi wa telala anafika pa shopu m'mawa, kukuwaza mvula. Anavala malaya otuwa, m'manja analibe kanthu. Anabwera ndi mlangizi, mayi wamfupi wosekerera, amene anamufunditsa ambulera ngati mlendo wolemekezeka.

Telala sanaimirire. Anapalasa makina mpaka msoko unafika kumapeto.

"Tafika, bambo," anatero mlangizi. "Uyu ndi dalaivala uja."

M'dzikomo ndende anazitseka kalekale. Yaikulu ija anaisandutsa sukulu ya amisiri. Wolakwa tsopano ankapita ku Nyumba Yomvetsa. Munthu aliyense ankakhala ndi kachitsulo kuseri kwa khutu, kakang'ono ngati njere, kosunga zimene waona, wamva ndi kugwira. Munthu akafa ndi dzanja la mnzake, abale akalola, madokotala ankatenga zosungidwazo n'kuziika m'mutu mwa wolakwayo, kuti adziwe kuti amene wamuchotsa padziko anali ndani. Sankamumenya. Ankangomusiya kuti amve. Odutsa m'menemo sankabwerezanso, ndipo ngakhale amene ankatsutsa poyamba anasiya kutsutsa.

Pomaliza, wolakwayo ankagwira ntchito pamalo pamene malemu anasiya, madzulo n'kubwerera kukagona ku Nyumbayo. Wofedwa akakhutira, ankanena liwu limodzi pamaso pa mlangizi: "Ndakumasula." Pamenepo ankamuchotsa za malemu m'mutu, n'kumusiyira zake ndi kudziwa chimene anachita, munthu n'kupita kwawo. Wofedwa akapanda kunena, munthuyo ankakhalabe. Palibe ankakakamiza wofedwa.

Dalaivalayu ankayendetsa lole ya katundu, ya mtundu wodziyendetsa yokha. Tsiku limenelo anali atamwa, ndiponso atachedwa. Anazimitsa choyendetsacho n'kugwira yekha chiwongolero. Mkazi wa telala ankawoloka msewu wa kutsogolo kwa shopu, atanyamula malaya osita kupititsa kwa mwini wake.

Amene anachonderera kuti banja lilole anali mwana wawo wamkazi, namwino wa kumzinda wina. Telala anangoti, "Chabwino."

Tsopano anayang'ana munthuyo kuyambira kumapazi. Wamtali, mapewa aakulu, zala zonenepa za zipsera.

"Iwe," anatero, ngati mmene munthu amanenera kwa galu wolowa m'khitchini. "Sesa."

Sanamuuze kumene kuli tsache. Dalaivala anadutsa tebulo lodulira, napisa dzanja kuseri kwa mipukutu ya nsalu, natulutsa tsache. Asanasese anatambasula dzanja pamwamba pa kabati, osayang'anako, natenga kachitini. M'kachitinimo munali maginito. Anawerama n'kuyamba kutola mapini ogwa pansi, kuyambira pakhomo kulowera m'kati.

Telala mwini wake anali ataiwala kuti maginitoyo alipo.

"Musadabwe, bambo," ananong'ona mlangizi. "Manja ndi amene amayamba kukumbuka. Ndi chizindikiro chabwino."

Anatsegula ambulera yake napita.

Masiku oyamba sankalankhulana. Dalaivala ankasesa, ankasita, ankanyamula mipukutu. Akalakwitsa ankati, "Pepani, bambo." Koma sankalakwitsa kawirikawiri. Ankadziwa kuti simbi imadontha ukaidzadza madzi. Ankadziwa kuti chitseko cha kabati chimafuna bondo.

Pakona panali mulu wa majekete osatha. Mabowo a mabatani a jekete yabwino amasokedwa pamanja, ndipo imeneyo inali ntchito ya malemu. Telala ankadula ndi kulumikiza, mabowo sankawatha. Chimwalirire mkazi wake, muluwo unkangokula.

Tsiku lina atachokera kogula ulusi, telala anapeza dalaivala atakhala pa kampando ka malemu, pafupi ndi windo, jekete pamwendo. Telala anatsegula pakamwa kuti amuthamangitse. Kenako anaona manja.

Zala zonenepa zija zinkayenda mofulumira, timisoko tating'ono tolingana ngati mano a chipeso. Bowo litatha, dalaivala anadula ulusi ndi mano a pambali, nabaya singano pa kolala ya malaya ake, kumanzere. Mabulauzi onse a malemu anali ndi timabowo pamalo pamenepo. Ankang'ung'udzanso kanyimbo kopanda mawu, kongobwerezabwereza, kamene sikanamvekepo pa wailesi iliyonse.

Dalaivala anatukula mutu. Anayang'ana jekete, nayang'ana manja ake, nkhope itachita mantha.

"Pepani, bambo. Ine singano sindinaigwirepo chibadwire. Ndangopezeka ndakhala."

Telala anaika ulusi patebulo.

"Pitiriza."

Khomo loyandikana linali la wometa, munthu wa pakamwa posatseka. Ankakonda kusuzumira akasowa womumeta.

"Madala, mwakwatiranso osatiitana?" anatero tsiku lina, atatsamira chitseko. "Koma mwasankha wandevu! Mubwere naye kwanga, ndikam'konze pang'ono, anthu asamakusekeni."

Dalaivala anaweramitsa mutu.

"Ndikuseka chabe, aphwanga. Mabowowo ndi abwino. Ine mkazi wanga batani likaduka amandiuza kuti ndigule malaya ena."

"Tseka chitseko," anatero telala. "Mphepo."

"Ndi mawu ambiri amenewo, madala. Musatope."

Zinachitika masana ena kukutentha, m'shopu muli awiriwo. Telala ankayala pepala pansalu, mapini ataluma pakamwa monga mwa chizolowezi chake. Dalaivala anali pawindo, msana atamupatsa.

"Iwe, lavula mapiniwo. Udzameza tsiku lina, ine sindidzakuperekeza kuchipatala."

Mawu anali a mwamuna, okhuthala. Koma kakwezedwe kake, ndi kakokedwe ka "iwe" kaja, sizinali za mwamuna ameneyu.

Pamaso pa anthu malemu ankati "abambo" ndi "inu", ngakhale pamaso pa mwana wawo. "Iwe" anali wa awiri okha, chitseko chitatsekedwa. Palibe munthu wamoyo amene anamumvapo.

Dalaivala anatseka pakamwa ndi dzanja. M'shopu munangomveka simbi ikupuma nthunzi.

Telala anachotsa mapini limodzilimodzi, nawabaya pa kansalu.

"Ndamva," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera ndi makapu awiri a tiyi. Ankanenabe kuti "iwe", koma sanalinso iwe wa galu uja. Ankasiya dala sizasi pampando, podziwa kuti wina adandaula. Ankaluma dala mapini.

Mlangizi anabwera dzuwa likuwala, atanyamula chisangalalo chake chonse.

"Bambo, munthu wanuyu wamaliza. Madokotala akhutira, ife takhutira. Mowa sakuufunanso n'komwe. Kwatsala inu. Mwakonzeka?"

"Ayi."

"Palibe vuto. Ndidzabweranso."

Anabweranso, nyengo yozizira itayamba. Majekete onse anali atatha, eni ake atatenga, ena atabweretsa atsopano.

"Ayi," anatero telala.

Ulendo wachitatu mlangizi sanasekerere. Anakokera telala panja, pakhonde.

"Bambo, ndikuuzeni zoona. Zinthu zija sitinazipange kuti zikhalitse m'mutu mwa munthu. Zikakhalitsa zimamera mizu. Zake za iye mwini zimayamba kufota. Dzulo tamufunsa dzina la mayi ake omubereka, waganiza nthawi yaitali."

"Lamulo likuti wonena ndani?"

"Ndinu."

"Ndiye ayi."

Madzulo ake namwino anaimba foni.

"Ababa, mlangizi wandiuza. Amene aja si amayi."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa, nanga mukum'sungiranji? Mukufuna azunzike? Ngati ndi mkwiyo, nenani, tikambirane."

"Si mkwiyo."

"Nanga ndi chiyani?"

Telala anayang'ana kampando ka pawindo.

"Kukuzizira kumeneko?" anafunsa.

"Ababa!"

Telala anadula foni.

Lole zinkadutsabe pamsewupo, zopanda phokoso, zikuyenda zokha. Ikadutsa yoyera, yonga imene inagunda malemu, dalaivala ankasiya singano. Thupi lonse linkauma, dzanja n'kupita pachiuno chakumanja, ngati wamenyedwa pamenepo. Tsiku lina zitamuchitikira, analankhula osafunsidwa.

"Ndimadziona ndikubwera, bambo. Ndimakhala pamsewu, malaya ali m'manja, ndiye ndimaona nkhope yanga kuseri kwa galasi. Pakamwa yasa. Munthu wonyansa."

Telala sanasiye kudula.

"Anamva kuwawa?"

"Pang'ono. Sanachite mantha. Ankaganiza zoti malaya aja ada, ayambirenso kuchapa."

Sizasi inaima pakati pa nsalu.

"Musavutike ndi zimene akunena alangizi," anapitiriza dalaivala. "Mukafuna kundisunga, ndisungeni. Ndine ndinakuchotserani. Ndipo kuno ndimakhala bwino. Kwathu ndikakuganiza kumaoneka ngati kwa eni ake."

Ananena zimenezi akumwetulira, mutu ataupendeketsa kumanzere, monga ankachitira malemu.

Mkazi wa dalaivala anabwera Loweruka masana. Telala anali asanamuonepo. Anali mayi woonda, wovala yunifolomu ya oyeretsa m'maofesi, m'manja muli kabokosi ka chakudya. Ku Nyumba Yomvetsa ankaloledwa kuona mwamuna wake, koma masiku amenewo ankati akapita, ankamuuza kuti watopa, wagona. Ndiye anafunsa njira ya ku shopu.

Anapereka moni kwa telala mwaulemu, mawondo atapinda. Kenako anatembenukira pawindo, nkhope yonse n'kumasuka.

"Iwe, waonda bwanji chonchi? Sakukupatsa chakudya? Ndipo ndevuzo, wometa ali pakhomo pomwepa!"

Dalaivala anabaya singano pa kolala, naimirira, manja ataphatikiza.

"Takulandirani, mayi. Mwabwera kudzayezetsa?"

Mayiyo anaseka.

"Ona nthabwala zake. Wayamba liti ulemu umenewu?"

"Ngati ndi diresi, nsalu tili nazo zabwino. Mungasankhe." Anatembenukira kwa telala. "Iwe, tawapatsa mpando alendowa, wangoti tuzu bwanji?"

Kuseka kwa mayi uja kunatha pang'onopang'ono. Anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana telala. Anaika kabokosi patebulo.

"Ndine," anatero. "Tandiyang'ana bwino."

"Pepani, mayi, nkhope zimandisokonekera. Munasoketsapo kuno?"

Anali atatenga kale tepi yoyezera. Mayiyo anaima pakati pa shopu natambasula manja, ngati mmene amachitira aliyense woyezetsa. Dalaivala anayeza mapewa. Anayeza msana, kuchokera pakhosi kutsika. Anazunguliza tepi m'chiuno mosamala, kuti zala zisakhudze thupi la mlendo. Ankatchula manambala kuti telala alembe. Telala sanalembe.

Misozi inkatsika mayiyo osaipukuta, chifukwa manja anali otambasula.

Poyeza mkono, tepi inafika padzanja. Pamenepo panali chipsera chakale cha moto. Dalaivala anaima. Anachikhudza ndi chala chachikulu.

"Ichi ndikuchidziwa," anatero. "Munapsa ndi... tinali..."

"Nena. Tinali kuti?"

Anakwinya nkhope, milomo ikuyenda. Kenako nkhope inasalala.

"Manja ake mukufuna aatali kapena aafupi?"

Mayiyo anatsitsa mikono. Anapita patebulo lodulira naima pamaso pa telala. Sanakweze mawu.

"Bambo, akazi anu ndinawalira nanenso. Sindinabwere pamaliro chifukwa cha manyazi. Zimene anachita uyu ndi zoipa, sindikana. Koma ine sindinaphe munthu."

Telala anayang'ana choko chimene chinali m'manja mwake.

"Chakudyacho adye chikadali chofunda," anatero mayiyo, natuluka.

Wometa, amene anaima pakhomo nthawi yonseyi, anamupatsa njira osanena nthabwala iliyonse.

Dalaivala anabwerera pa kampando.

"Achoka osasankha nsalu," anatero. "Iwe, unawayankha bwino koma? Nkhope yakoyo imathamangitsa anthu."

Telala anazimitsa simbi, naphimba makina ndi nsalu yake.

"Achimwene," anaitana wometa. "Athamangireni mayi aja. Muwauze abwere ku Nyumba."

Wometa anathamanga, chipeso chili m'manja.

"Vala jekete," telala anauza dalaivala.

"Tikutseka masana ano? Tikupita kuti?"

"Vala."

Anakwera basi. Dalaivala anakhala pawindo, nakonza kolala ya telala imene inapindika, osafunsa. Anthu a mpando wakutsogolo anacheuka. Telala sanachotse dzanjalo.

Nyumba Yomvetsa inali ya mawindo aakulu, maluwa m'makonde, pansi ponyezimira. Munkanunkhira sopo. Anthu ovala zotuwa ankadutsa mwakachetechete, aliyense ndi kayendedwe kosagwirizana ndi thupi lake: mwamuna wa minofu woyenda ngati nkhalamba, mayi wachikulire wodumphadumpha pa masitepe. Onse ankapereka moni.

Mlangizi anawalowetsa m'chipinda chaching'ono. Munali mpando umodzi wotsamira, wonga wa kometera, ndi kanyale kofiira pakhoma. Anakhazika dalaivala pampandopo.

"Nenani momveka, bambo, mukumuyang'ana. Kanyaleko kakasintha, ndiye kuti zatheka."

Telala anavula chipewa. Anayang'ana mapewa aakulu aja, ndevu, zala za zipsera.

"Ndakumasulani," anatero.

Kanyale kanakhalabe kofiira.

"Pepani, bambo," anatero mlangizi. "Makinawa amamva liwu lake lenileni. Muchotse 'ni' wakumapetoyo. Mungoti ndakumasula."

"Awa ndi bambo a eni ake. Ali ndi nyumba yawo. Awa ndi 'inu', osati 'iwe'."

"Ndikumva, koma makina..."

"Ndawamasula kale awa. Watsala wina. Dikirani."



Dalaivala anali atapendeketsa mutu kumanzere. Ankamuyang'ana telala ndi maso ofatsa, odabwa pang'ono.

"Iwe, malo ano ndi a chiyani? Ukundisiya kuno?"

"Eya."

"Ubwera kudzanditenga?"

Telala anapinda chipewa m'manja.

"Ayi."

"Ndiye ukadya chiyani? Iwe ukakhala wekha umangomwa tiyi."

"Ndidziphikira."

"Bodza." Anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno. "Chabwino. Nsalu yabuluu ija usaidule, ndinasungira mwana."

"Ndamva."

Anayandikira, nawerama mpaka nkhope zinayandikana. Ananena motsitsa, moti mlangizi sanamve, koma makina anamva.

"Ndakumasula."

Kanyale kanasanduka kobiriwira. Dalaivala anatseka maso ngati munthu wogona m'basi. Madokotala awiri analowa, ndipo mlangizi anatulutsa telala.

Pakhonde panali benchi yaitali. Mkazi wa dalaivala anali atafika kale, akupuma mofulumira. Anakhala kumapeto kwina, telala kumapeto kwina. Dzuwa linasuntha pansi ponyezimira paja mpaka linafika pa nsapato zawo.

Chitseko chitatsegulidwa, dalaivala anatuluka akuyenda mwa mtundu wina, motaya miyendo, mapewa akugwedezeka. Telala anali asanaonepo kayendedwe kameneko. Munthuyo anaona mkazi wake naima.

"Iwe," anatero. "Tsitsi unadula liti?"

Mayiyo anamumenya pachifuwa ndi chibakera, kawiri, kenako anamugwira malaya osamusiya.

Telala anavala chipewa nayamba kuchoka.

"Bambo."

Anaima. Dalaivala anabwera, manja ali kumbuyo, maso pansi. Anafika pafupi koma osati pafupi kwambiri.

"Bambo, zimene ndinachita ndikuzidziwa. Sizidzachoka, ndipo sindikufuna zichoke. Ndikudziwanso kuti akazi anu aja ndinawadziwa, kuposa mmene ndikudziwira munthu aliyense. Koma ndikafuna kuwagwira, palibe. Zangokhala ngati loto la dzana." Anatukula maso. "Ngati si kulakwa kufunsa. Anali munthu wotani?"

Telala anayang'ana kunja, kumene basi inkadutsa. Anayang'ana benchi.

"Khalani," anatero.

Anakhala atatu, dalaivala pakati. Telala anavulanso chipewa nachiika pabondo. Anatsokomola.

"Ankabera pa makadi," anatero. "Ngakhale posewera ndi mwana. Ukamugwira, ankati waona molakwa."

Mkazi wa dalaivala anaseka mosayembekezera, natseka pakamwa.

"Sekani," anatero telala. "Zinali zoseketsa. Tsiku loyamba kumuona, anabwera kudzandiuza kuti buluku la bambo ake ndalisoka mokhota."

"Linali lokhota?" anafunsa dalaivala.

"Linali lokhota."